Kafukufuku wa asilikali asathere pa chipilala

Pali ntchito ina imene anthu m'matawuni ang'onoang'ono padziko lonse akuigwira mwakachetechete, popanda wowalipira, ndipo ineyo ndimaipatsa ulemu kwambiri. Munthu amakaima pa chipilala cha nkhondo cha m'tawuni mwawo, nkukopera mayina onse m'kope, kenako nkuyamba kuwafufuza limodzilimodzi kuti kodi ameneyu anali mwana wa ndani, ankagwira ntchito yanji asanavale yunifolomu, anakafera kuti, anasiya ndani pakhomo. Ena ndi aphunzitsi opuma, ena ana asukulu, ena ndi zidzukulu basi zoti zatopa nkumangomva kuti "agogo anu anapita kunkhondo" popanda wowonjezerapo kanthu. Nanenso ndinalowamo mu zimenezi, ndipo chomwe chikundivuta mumtima nchakuti ambirife timayamba bwino koma timamaliza msanga. Tikangotsiriza mayina a pamwala timatseka kope nkumati tathana nazo, chonsecho mwalawo wangotiuza za anthu ochepa chabe mwa onse amene anapita.

Tiyambe ndi mmene mayinawo anafikira pamwalapo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ndi boma limene linatumiza mndandanda wathunthu. Ku Britain nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, itatha kunalibe lamulo limodzi lonena kuti pa chipilala cha m'tawuni pakhale ndani. Zinali m'manja mwa makomiti a kumaloko, akuluakulu a tchalitchi, makhansala, anthu a ndalama amene anasonkhapo, nde iwowo ndi amene ankaitanitsa mayina nkugamula. Banja likasamuka nthawi ya nkhondo, dzina la mwana wawo limatha kutsala. Mayi wina amakana kupereka dzina chifukwa mwana wake anangolembedwa kuti wasowa ndipo iye ankadikirabe kuti tsiku lina agogoda pachitseko. Wina amapezeka pa zipilala ziwiri kapena zitatu, kwawo kobadwira, kumene ankagwira ntchito ndi kusukulu kwake. Ndiye chipilala nchopangidwa ndi anthu olira, otanganidwa, ena okondera, ndipo tizichiwerenga tikudziwa zimenezo.

Koma vuto lalikulu si mayina otsala mwangozi ayi. Mwa asilikali a Britain a nkhondo yoyambayo, oposa 8 mwa 10 aliwonse anabwerako amoyo. Amenewa nthawi zambiri pamwala palibe. Ku England ndi Wales kuli midzi pafupifupi 50 imene imatchedwa Thankful Villages chifukwa amuna onse amene anapita anabwerera, palibe anafa olo mmodzi. Tsono ngati kafukufuku wathu amayambira ndi kuthera pa mayina a akufa, ndekuti midzi imeneyi tingati sinaone nkhondo? Chonsecho kumeneko kunabwerera anthu opanda mwendo, ena mapapo atapsa ndi utsi wa poizoni, ena osagona tulo mpaka kukalamba, ndipo akazi awo ndi ana awo anakhala ndi nkhondo imeneyo m'nyumba zaka makumi angapo mfuti zitasiya kale kulira.

Sindikuchepetsa akufa, chonde mundimvetse. Ndikawerenga za Accrington, tawuni ya mafakitale ku Lancashire imene anyamata ake ndi a matawuni oyandikana nawo analowa gulu limodzi kuti akamenye limodzi ndi anzawo, thupi limachita tsembwe. Pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme ku France, anthu pafupifupi 720 a gulu limeneli anatuluka m'maenje amene ankabisalamo kulowera ku mudzi wa Serre, ndipo 584 anaphedwa, kuvulala kapena kusowa. Ku Bedford, katawuni ka anthu pafupifupi 3,200 ku Virginia ku America, anyamata 19 anafa tsiku limodzi lokha, pa 6 June 1944, pagombe la Omaha ku Normandy. Tawuni yaing'ono ikataya ana ambiri chonchi kamodzinkamodzi, mpomveka kuti maso onse amapita kwa iwo. Komabe olo ku Accrington komweko, ovulala anali ambiri kuposa akufa, nde funso langa ndilakuti iwowo anakathera kuti, ndani anawasamala, ntchito yawo ya kufakitale anaipezanso?

Ndiye pali nkhani ya madeti. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission, lomwe linakhazikitsidwa mu 1917 ndipo limasamala manda ndi zikumbutso za anthu okwana 1.7 miliyoni m'mayiko oposa 150, lili ndi malire ake. Pa nkhondo yoyamba limawerenga amene anamwalira kuyambira 4 August 1914 mpaka 31 August 1921, pa yachiwiri kuyambira 3 September 1939 mpaka 31 December 1947. Malire amayenera kukhalapo, sindikutsutsa, bungwe silingagwire ntchito popanda poima. Koma bambo amene anabwerako akutsokomola nkumwalira mu 1923 ndi chifuwa chomwecho, kwa mkazi wake anaphedwa ndi nkhondo basi, kaya kaundula akuti bwanji. Wofufuza wa m'tawuni alibe chifukwa choimira pamene bungwe linaima. Mphamvu yake ili pomwepo, iye angathe kumulondola munthu mpaka kumanda ake enieni.

Palinso ena amene anasiyidwa mwadala. Mu April 2021 bungwe lomweli linatulutsa lipoti lovomereza kuti anthu pakati pa 45,000 ndi 54,000, ambiri a ku India ndi a mu Africa, sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu, ndipo ena osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, sanalembedwe mayina paliponse kapena sanakumbukiridwe nkomwe. Nduna ya za chitetezo ya Britain pa nthawiyo, Ben Wallace, inapepesa mu nyumba ya malamulo. Ambiri mwa anthu amenewa anali amtengatenga a nkhondo ya kum'mawa kwa Africa, osenza zipolopolo ndi chakudya pamutu mtunda wautali, akumafa ndi kamwazi, malungo ndi njala. Mpaka lero ku Nairobi kuli dera lotchedwa Kariokor ndipo ku Dar es Salaam kuli Kariakoo, mayina ochokera ku Carrier Corps, gulu la amtengatengawo. Dzina la gulu linatsala pamsika, mayina a eni ake anasowa. Ku Cape Town chikumbutso cha antchito a nkhondo akuda oposa 1,700 chinatsegulidwa mu January 2025, patapita zaka zoposa 100. Nde munthu akandiuza kuti mndandanda wa pamwala ndi wokwanira, ine ndimamufunsa kuti wokwanira kwa ndani.

Ndikudziwa chomwe ena ayankhe. Ati amoyowo ndi ovuta kuwapeza, akufa ali ndi kaundula wabwino pa intaneti, ungolemba dzina nkupeza manda, tsiku, gulu, pena ndi mayina a makolo omwe. Nzoona ndithu. Ndipo mapepala a amoyo ambiri anapsa, kupsa kwenikweni ndi moto. Mu September 1940 bomba la Germany linagwera nyumba yosungira mafayilo a asilikali pa Arnside Street ku London, ndipo pa mafayilo 6.5 miliyoni a nkhondo yoyamba, pafupifupi magawo awiri mwa atatu anatheratu. Otsalawo mukawaona m'mbali mwake ndi mwakuda, ena ali ndi zipsera za madzi ozimitsira moto. Ku America nako pa 12 July 1973 moto unabuka ku National Personnel Records Center pafupi ndi mzinda wa St. Louis nkuwononga mafayilo pakati pa 16 ndi 18 miliyoni. A ku Canada ndi Australia ndiye ali ndi mwayi, mafayilo awo a nkhondo yoyamba anapulumuka, Canada inamaliza kuika oposa 600,000 pa intaneti mu 2018 ndipo a Australia oposa 370,000 aliponso, aliyense atha kuwawerenga ulere.

Koma kupsa kwa fayilo sikutanthauza kuti munthu wathera pomwepo. Msilikali amasiya mapazi malo ambiri. Ku National Archives, nyumba yosungira mapepala akale a boma ku Kew ku London, kuli zithunzi za makadi a mamendulo, osonyeza nambala ndi gulu la munthu, ndiponso mabuku amene gulu lililonse linkalemba tsiku ndi tsiku kuti lero tili pakuti, kwagwa mvula, tataya anthu angapo. M'mabuku amenewa maofesala amatchulidwa mayina pomwe asilikali wamba amangowerengedwa ngati nambala, zomwe zimandiwawa nthawi zonse, komabe ukadziwa gulu la munthu wako umatha kudziwa kumene anagona usiku wakutiwakuti. Kuli mapepala a penshoni. Ku Geneva bungwe la Red Cross linasunga makadi mamiliyoni a akaidi a nkhondo yoyamba ndipo ali pa intaneti. Kenako kuli zapafupi zimene anthu amazinyoza, kaundula wa ubatizo ndi maukwati kutchalitchi, kaundula wa sukulu, nyuzipepala zakale za m'deralo, kalembera wa anthu, miyala ya kumanda. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ntchito iyi ndi ya anthu odekha, pena umatha mwezi wathunthu pa dzina limodzi nkupeza mzere umodzi wokha.

Chimene chinanditembenuza maganizo ineyo si pepala ayi. Ndinapita kukacheza ndi mayi ena achikulire amene ndinamva kuti agogo awo aamuna anamenya nawo nkhondo yoyamba. Dzina la agogowo pa chipilala panalibe, nde m'kope mwanga munalibenso. Titakhala pansi analowa kuchipinda nkutulukira ndi kachitini kadzimbiri, chivindikiro chake cholimba mpaka anachita kutsegula ndi mpeni. Mkatimo munali kansalu, mu kansalumo mendulo imodzi yakuda bii, riboni yake inadyedwa kale ndi njenjete, kunangotsala kachingwe. Anandipatsa ndi manja awiri. Ine ndinayamba kuyang'ana kumaso kwake kumene kuli mutu wa mfumu, koma iwo anati, "Ayi mwanangu, tembenuzani, muone m'mphepetemo." M'mphepete mwa mendulo, mozungulira, munali timalemba tating'ono tokhomedwa, nambala, dzina ndi gulu. Anatenga chala chawo nkupukuta pang'onopang'ono kuti ndiwerenge bwino.

Anandiuza kuti agogowo za kunkhondo sankakamba, ukawafunsa ankangodzuka nkuchokapo. Koma kukachita mabingu usiku ankatuluka m'nyumba nkukakhala panja mvula ikuwavumbwa, mpaka agogo aakazi kukawatenga, ndipo ana onse anakula akudziwa kuti usiku wa mabingu nyali siizimitsidwa. Zimenezi mulibe mu fayilo iliyonse padziko lapansi. Zinali m'mutu mwa mayi amenewa basi, ndipo ndikanati ndingotsatira mwala sindikanafika pakhomo pawo.

Apa ndionjezepo kanthu kothandiza. Mamendulo a Britain a nkhondo yoyamba ambiri anali ndi dzina ndi nambala, ena m'mphepete ena kumbuyo, pomwe a nkhondo yachiwiri ambiri anatuluka opanda dzina. Nde mukapeza mendulo kunyumba musathamangire kuikwecha ndi mchenga kuti iwale, mungafufute chinthu chokhacho chimene chikanakutsegulirani njira. Nambalayo ndi yofunika kuposa dzina, chifukwa mayina amafanana, komanso makalaliki a usilikali ankalemba mmene amvera. Munthu mmodzi umamupeza ndi masipelo atatu, ena analembetsa ndi dzina la bambo awo, ena dzina longopeka pothawa ngongole kapena makolo. Zaka nazo ankanama. Ku Britain lamulo linkati munthu apite kunkhondo kunja atakwana zaka 19, koma anyamata ambirimbiri a zaka 15 ndi 16 analowa atawonjezera zaka pakamwa. Cholakwika chimene ndimachiopa kwambiri ndi kulumikiza banja ndi msilikali wolakwika chifukwa dzina langofanana ndipo iwe watopa ukufuna nkhani ithe. Ukangochiika pa intaneti anthu khumi akopera, pakutha pa chaka chasanduka choonadi, ndipo madzi akatayika saoleka. Bola kulemba kuti pano ndaima, umboni sunakwane.

Nkhani za m'banja nazonso sikuti zonse ndi zoona. Pafupifupi banja lililonse limati wathu anali sajeni, wathu anapulumutsa ofesala, wathu anafa nthawi yomweyo osamva ululu. Ukatsegula fayilo umapeza kuti anali wophika, kapena woyendetsa abulu, kapena anamwalira ndi chimfine cha 1918 m'chipatala kutali ndi kumene kunkalira mfuti. Ine sindiona chochititsa manyazi pamenepo. Gulu lopanda wophika silimenya nkhondo, ndipo wofa ndi chimfine ali mu yunifolomu kutali ndi kwawo anasiya mayi wolira chimodzimodzi ndi wofa ndi chipolopolo. Chomwe ndimakana ndi kusankha mbali imodzi, kunena kuti pepala lokha ndiye loona agogo akungobwebweta, kapena kuti zonena agogo sizifunsidwa. Uziike zonse ziwiri patebulo, pamene zasiyana ulembe kuti apa zasiyana.

Tsono pali kutsutsa kwina kumene sindingakuthawe, chifukwa nkwanzeru. Anthu amati mukayamba kufufuza amoyo ndi mabanja awo mufukula zinthu zoti eni ake anazikwirira dala. Nzoona, mafayilo a usilikali sabisa. Mumapezeka zilango za kuledzera, matenda opatsirana pogonana, kuthawa, mkazi wina ndi mwana amene banja silinamvepo, ena anabwerako nkumamenya akazi awo, ena anadzipha. Britain inawombera asilikali ake ndi a mayiko ake okwana 306 pa milandu ngati kuthawa ndi mantha, ndipo anawakhululukira mu 2006 patatha zaka pafupifupi 90 mabanja awo akuyenda chowerama, ambiri mayina awo atakanidwa pa zipilala za kwawo. Nde tizitani, tizibise?

Maganizo anga ndi akuti tisabise koma tisathamange. Ukapeza chinthu cholemera, uyambe wapita kwa eni ake, ukhale nawo pansi, uwauze pamaso, asakachionere pa Facebook pamodzi ndi anthu achilendo akuikapo ndemanga. Pali zina zokhudza anthu amene akali moyo, mwachitsanzo mwana wobadwa kunja kwa banja amene panopa ndi gogo wa zaka 80, zimenezo si zako zoti ulengeze, zisunge mpaka eni ake avomere. Koma kufufuta mnyamata wa zaka 19 amene anathawa atakhala miyezi pansi pa mabomba, kuti buku la tawuni lioneke loyera ndi ngwazi zokhazokha, kumeneko nkumuwomberanso kachiwiri. Ndipo buku la ngwazi zokhazokha limanamiza ana athu kuti nkhondo ndi chinthu chokongola chimene amuna enieni amapitako nkubwerako ndi mamendulo.

Azimayi nawo timawadumpha kwambiri. Pa fayilo amangooneka ngati wachibale wodziwitsidwa zikavuta, dzina ndi adiresi basi. Koma tawuni imene amuna ake anachoka inayendetsedwa ndi ndani zaka zinayi, zisanu? Mkazi wamasiye uja anakwatiwanso kapena ayi, penshoni anailandira kapena anamukaniza, ana anapitiriza sukulu kapena anakalowa ntchito ali aang'ono? Ukatsatira mafunso amenewa umapeza chifukwa chake banja lina linasamuka, chifukwa chake munda wina unagulitsidwa, chifukwa chake dzina lina linatheratu m'tawunimo. Enanso anapita okha ngati manesi ndi antchito a m'mafakitale a zida, ndipo ena anafera komweko.

Ena amati zimenezi tiwasiyire aphunzitsi a ku yunivesite. Akatswiriwo ndi ofunika, amatithandiza kumvetsa chithunzi chachikulu ndi kutiwongola tikasochera, koma palibe pulofesa amene adzabwere kudzafufuza anthu 200 a katawuni kamodzi, nyumba ndi nyumba. Ndipo olo atabwera, kachitini kaja sangamutsegulire tsiku loyamba. Amatsegulira munthu amene akumudziwa, amene adzabwerenso mawa. Chomwe tingatenge kwa akatswiri ndi mwambo wawo wolemba pamene chilichonse tachipeza, kuti wobwera pambuyo pathu athe kutsimikiza yekha, ndi kusiya makope ku laibulale kapena kusukulu m'malo mosunga zonse mu foni imodzi yoti ikhoza kugwera m'madzi.

Nthawi ndiye yatithera kale. Harry Patch, msilikali womaliza wa Britain amene anamenya m'maenje a nkhondo yoyamba, anamwalira mu 2009 ali ndi zaka 111, ndipo Florence Green, womaliza mwa onse odziwika amene anatumikira pa nkhondo imeneyo, anatsatira mu 2012. Amene anali ndi zaka 18 pamene nkhondo yachiwiri inkatha mu 1945 anabadwa mu 1927, werengani nokha. Otsala ndi ana awo ndi zidzukulu zawo, nawonso akalamba. Mapepala a ku Kew ndi ku Geneva adikira, chaka chamawa adzakhalapo, koma gogo amene akukumbukira usiku wa mabingu sadikira. Nde ineyo ndinasintha dongosolo, masiku ano ndimayamba ndi anthu, kompyuta pambuyo. Ndimapempha chilolezo, nkuika foni patebulo kuti ijambule mawu, ndipo sindifunsa kuti anamenya nkhondo iti chifukwa ambiri sadziwa, ndimafunsa kuti ankakhala pati m'nyumbamo, ankaopa chani, anali ndi chipsera pati, anzawo amene ankabwera kudzacheza anali ndani. Mayina a anzawowo ndi amene amanditengera ku khomo lotsatira.

Kwa mayi aja ndinabwererako patatha miyezi iwiri. Ndi nambala ya m'mphepete mwa mendulo ija ndinapeza kapepala kamodzi kokha, kosonyeza gulu lawo ndi kuti anagonekedwa m'chipatala kawiri asanatulutsidwe usilikali. Ndinakasindikiza pa pepala lalikulu kuti aone bwino. Anavala magalasi, anawerenga ndi chala mzere ndi mzere, atafika pa dzina anaima nkunena kuti, "Apa analakwitsa, dzina lawo silinkalembedwa chonchi." Ananditchulira bwinobwino kawiri, ine nkulemba m'kope pansi pa la kalaliki lija, onse awiri ndinawasunga. Kenako anapinda pepalalo kanayi, nkuliika m'kachitini pamodzi ndi mendulo, ndipo asanatseke anandiuza kuti kuseri kwa msewu kuli banja lina limene agogo awo anapita limodzi ndi awo, anabwerako opanda zala zitatu, ndipo mdzukulu wawo wamkulu akudwala, ndipiteko sabata yomweyi.